Parishi Yotsiriza Kumadzulo kwa Ireland

Kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la Ireland, m'boma la Kerry, kuli ndomo yaitali ya mapiri imene imalowa m'nyanja ya Atlantic. Kumapeto kwenikweni kwa ndomoyo, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera m'tauni ya Dingle, kuli parishi yaing'ono ya Dún Chaoin, imene mapu a Chingerezi amailemba kuti Dunquin. Nyumba zake zoyera zidamwazikana m'mphepete mwa phiri, minda yake ndi timagawo tating'ono totchingidwa ndi mipanda ya miyala, ndipo doko lake amalifika potsika kanjira kokhotakhota kapaphompho. Kutsidya kwa madzi kumaoneka chilumba cha Great Blasket, chimenenso ndi gawo la parishiyo, koma lero sichikhalanso anthu chaka chonse. Eni dera ali ndi kanenedwe kakale koti parishi yotsatira ndi America. Alendo amakamva ngati nthabwala, pamene eni ake ankanena zimene zinkawachitikira. Kwa mibadwo ingapo, mwana akakula m'parishiyi njira yake inkaloza kumadzulo, kutsidya la nyanja, ndipo ambiri sadabwererenso.

Kuti munthu amvetse mbiri ya malo ngati amenewa, ayenera kuyamba wadziwa mmene nthaka ya Ireland idagawidwira. Gawo laling'ono kwambiri limatchedwa townland m'Chingerezi, ndipo m'Chiairishi amati baile fearainn. Magawo otere alipo pafupifupi 61,000 pachilumba chonse. Kukula kwake sikofanana, chifukwa akale ankayeza nthaka ndi zimene imabereka: kumene kuli chonde gawolo limakhala laling'ono, kumapiri ndi kumadambo limakhala lalikulu. Magawo angapo amapanga parishi, ndipo maparishi akale alipo pafupifupi 2,500. Maparishi angapo amapanga barony, kenaka boma, ndipo maboma akale onse ndi 32. Mpaka chaka cha 2015, pamene boma la Ireland lidayambitsa manambala a keyala otchedwa Eircode, nyumba zambiri za kumidzi zidalibe nambala kapena dzina la msewu. Kalata inkafika chifukwa wamtengatenga ankadziwa dzina la townland ndi mabanja okhalamo, monga mmene munthu amafikira kwa agogo ake pongotchula mudzi ndi mfumu yake.

Dún Chaoin ndi mtolo wa timagawo totere, ndipo dzina lililonse limanena kanthu kwa munthu womva chilankhulocho. Baile na hAbha ndi mudzi wa kumtsinje. An Gleann Mór ndi chigwa chachikulu. Baile an Teampaill ndi mudzi wa patchalitchi, ndipo ndi kumene kuli manda akale. Baile Bhiocáire ndi mudzi wa wansembe. An Cheathrú ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, muyezo wakale wa nthaka. Mawu oti dún amatanthauza linga. Choncho munthu wa kumeneko akamatchula njira yochokera kwawo kupita kudoko, amakhala akufotokoza kumene kuli madzi, kumene kuli manda, ndi amene ankadya za m'munda uti zaka mazana apitawo.

Mainawo adasanjikizana monga mmene anthu adafikira. Akale kwambiri ndi a fuko la Corca Dhuibhne, kutanthauza mbewu ya Duibhne, ndipo ndomo yonse imatchedwabe ndi dzina limeneli. Pamwamba pa An Dún Mór, nsonga ya kumadzulo kwambiri ya mtunda wa Ireland, paima mwala wolembedwa m'zilembo za ogham, zimene ndi timizere tosemedwa m'mphepete mwa mwala. Zolembedwa zotere ndi za zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, ndipo pamwalawo pali dzina la Dovinia, kholo lachikazi limene fukolo linkati lidachokerako. Pambuyo pake kudabwera amalinyero a ku Scandinavia, amene adasiya dzina la Smerwick pa gombe la kumpoto kwa parishiyi. Kenaka Anormani, amene adafika ku Ireland mu 1169, adabweretsa banja la Ferriter. Banjali lidabwereka zilumba za Blasket kwa mafumu a Desmond, ndipo mbiri imati lendi yake inali akabawi awiri osakira nyama pachaka. M'kupita kwa nthawi a Ferriter adasanduka eni dera, olankhula Chiairishi, moti mmodzi wa iwo, Piaras Feiritéar, adali mlakatuli wotchuka m'chilankhulocho. Adanyongedwa ku Killarney mu 1653 atagonja pa nkhondo yolimbana ndi asilikali a Cromwell.

Mudzi woyandikana ndi Dún Chaoin udatenga dzina la banjali, ndipo dzinalo limaonetsa bwino chimene chimatayika dzina likasamutsidwa chilankhulo. M'Chiairishi amati Baile an Fheirtéaraigh. Munthu wa banja la Ferriter ndi Feirtéarach, koma pofuna kunena kuti mudziwo ndi wake, mathero a mawuwo amasintha, ndipo F woyamba amafooka mpaka osamvekanso, n'chifukwa chake amalemba Fh. Umwini wonse uli m'kusintha kumeneko, monga mmene kwa amagwirira ntchito Mchewa akati kwa Chimutu kapena kwa Kawaza. Pa mapu a Chingerezi adalemba Ballyferriter. Liwulo limatchulika mosavuta pakamwa pa mlendo, koma galamala yake idachotsedwamo. Zomwezo zidachitikira maina zikwizikwi: baile adasanduka Bally, cill, kutanthauza tchalitchi, adasanduka Kil, cnoc, kutanthauza phiri, adasanduka Knock. Fionntrá, gombe loyera, lidasanduka Ventry, liwu limene silitanthauza kanthu m'Chingerezi kapena m'Chiairishi.

Nayo parishi ili ndi nkhope ziwiri. Misonkhano ya mpingo ya ku Ráth Breasail mu 1111 ndi ku Kells mu 1152 ndiyo idakhazikitsa madayosizi, ndipo maparishi adakhazikika m'zaka zotsatira, nthawi zambiri motsata malire a mafuko ndi minda imene idalipo kale. Mafumu a ku England atapatukana ndi Roma m'zaka za m'ma 1500, matchalitchi akale, minda yake ndi malire ake zidapita ku mpingo wa boma wa Church of Ireland. Boma lidagwiritsanso ntchito malire omwewo polemba kalembera ndi potolera misonkho. Anthu ambiri adakhalabe Akatolika, koma ankakakamizidwa kupereka chakhumi ku mpingo umene sankapempherako, ndipo zimenezi zidabutsa zipolowe m'zaka za m'ma 1830. Mpingo wa Katolika, umene udali ndi ansembe ochepa, udalumikiza maparishi akale angapo kukhala imodzi. N'chifukwa chake Dún Chaoin, imene m'mabuku a boma ndi parishi payokha, m'mabuku a ubatizo ili pansi pa parishi ya Baile an Fheirtéaraigh. Mdzukulu wa ku America wofufuza kumene agogo ake adachokera amayenera kudziwa malire onse awiri, apo ayi amafufuza m'buku lolakwika.

Kwa anthu a pachilumba cha Great Blasket, parishi inali nkhani ya moyo ndi imfa. Pachilumbapo padalibe tchalitchi, wansembe kapena dokotala. Ubatizo, ukwati ndi maliro a akuluakulu zonse zinkafuna kuwoloka makilomita pafupifupi 5 a madzi oopsa, madzi omwewo amene adameza sitima ya ku Spain ya Santa María de la Rosa mu 1588. Ankawoloka pa naomhóg, bwato lopepuka la mafelemu a matabwa lokutidwa ndi chinsalu chopakidwa phula. Nyanja ikakwiya, maliro ankagona masiku m'nyumba kudikira kuti mphepo ileke, chifukwa munthu ankayenera kukagona m'manda a makolo ake ku Baile an Teampaill. Olankhula Chinyanja amene adanyamulapo bokosi kuchokera ku Johannesburg kapena ku Harare kupita nalo kumudzi sangadabwe ndi khama limenelo.

Mu 1824 boma la Britain lidalamula kuti Ireland yense ajambulidwe pa mapu a mainchesi 6 pa mailosi imodzi, kuti nthaka iyezedwe bwino ndipo msonkho ugawidwe molongosoka. Ntchitoyo idatsogoleredwa ndi Thomas Colby ndi Thomas Larcom a bungwe la Ordnance Survey, ndipo idatha mu 1846. Vuto la maina adalipereka kwa akatswiri a chilankhulo, wamkulu wawo John O'Donovan, amene adayenda parishi ndi parishi kwa zaka zambiri, ndipo adafika ku Kerry mu 1841. Ankafunsa okalamba katchulidwe ka dzina lililonse, n'kulemba tanthauzo lake m'Chiairishi m'timabuku take, kenaka n'kusankha kalembedwe ka Chingerezi koyandikira kamvekedwe kake kuti kaikidwe pa mapu. Sewero la Brian Friel lotchedwa Translations, limene lidaonetsedwa koyamba ku Derry mu 1980, lidachititsa anthu ambiri kuona ntchitoyi ngati kulanda dziko ndi cholembera. Akatswiri a mbiri amakumbutsa kuti maina ambiri a Chingerezi adali kale m'mapepala a eni minda, ndiponso kuti popanda timabuku ta O'Donovan matanthauzo ambiri akadatayikiratu. Zonse ziwiri n'zoona. Mapuwo adasunga malire ndi maina a timidzi tosawerengeka, komanso adapatsa kalembedwe ka mlendo mphamvu ya lamulo.

Mapuwo adajambulanso dziko limene lidatsala pang'ono kutha. M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja nyumba zinkamangidwa mothithikana, popanda msewu kapena sitolo pakati. Minda yozungulira mudzi inkagawidwa m'timizere, banja lililonse n'kulandira kachigawo ka nthaka yabwino ndi kachigawo ka yoipa, pamene msipu wa kuphiri udali wa onse. Chuma cha munthu ankachiyeza ponena kuti ali ndi msipu wa ng'ombe zingati. Chimene chinkalola anthu ochuluka kukhala pa nthaka yamiyala chonchi ndi mbatata ya kachewere, yomwe ija imatchedwa airishi m'misika ya ku Dedza, ku Tsangano ndi ku Angonia. Ankasenza ndere ndi mchenga kuchokera kugombe n'kumathira m'mizere ngati manyowa, ndipo kamunda kakang'ono kankadyetsa banja chaka chonse. Nthaka yeniyeniyo idali ya eni minda akuluakulu, ena a iwo okhala ku England, amene ankangodikira lendi.

Mu 1845 matenda a chiwawu adagwira mbatata, ndipo adabwerezabwereza zaka zotsatira. Kalembera wa 1841 adapeza anthu oposa 8 miliyoni mu Ireland, pamene wa 1851 adapeza pafupifupi 6.5 miliyoni. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi adathawira kunja, pamene zakudya zina zinkatulukabe m'madoko kupita kukagulitsidwa. Dún Chaoin idataya pafupifupi theka la anthu ake m'zaka khumi zimenezo. Amene adafa ndi kusamuka kwambiri adali osauka a kumadzulo, ndipo iwowo ndiwo adali eni chilankhulo. Otsala adaona kuti mwana wopita ku America adzafunika Chingerezi, ndipo makolo ambiri adasiya dala kulankhula Chiairishi ndi ana awo. M'mapiri a ku Kerry mizere ya mbatata ya nthawi imeneyo imaonekabe pansi pa udzu dzuwa likapendeka.

Chilumba cha Great Blasket chidalimbako nthawi yaitali chifukwa cha nsomba, nkhanu za m'nyanja, akalulu ndi nkhosa. Bungwe la Congested Districts Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1891 kuti lithandize madera osauka a kumadzulo, lidagula chilumbachi mu 1907, n'kugawanso minda ndi kumanga nyumba zatsopano zingapo. Cha m'ma 1916 anthu adafika pa 170 ndi kupitirira pang'ono. Chiairishi chawo chidali chosasakanizika, ndipo chidakopa akatswiri: Carl Marstrander wa ku Norway mu 1907, Robin Flower wa ku British Museum mu 1910, ndi George Thomson mu 1923. Alendowa adabwera kudzaphunzira, koma adalimbikitsanso aphunzitsi awo kulemba. Msodzi Tomás Ó Criomhthain adatulutsa An tOileánach mu 1929, Muiris Ó Súilleabháin adatulutsa Fiche Bliain ag Fás mu 1933, ndipo mbiri ya moyo wa Peig Sayers idatuluka mu 1936. Kamudzi kosafika anthu 200 kadapereka mabuku amene amawerengedwa m'zilankhulo zambiri mpaka lero.

Moyo wa Peig Sayers umaonetsa kukula kwa dziko la munthu wa m'parishi. Adabadwira ku Baile Bhiocáire mu 1873, adakagwira ntchito ya m'nyumba ku Dingle ali mtsikana, adakwatiwa pachilumba mu 1892, adabwerera ku Baile Bhiocáire mu 1942, ndipo adamwalira mu 1958 n'kuikidwa ku Dún Chaoin. Malo onse amene adakhazikikako angathe kukwana m'makilomita 20, komabe nthano ndi nkhani zimene adasimbira olemba a bungwe la Irish Folklore Commission zilipo mazanamazana. Ana ake ambiri amene adakula adapita ku America. Anthu a pachilumba ankasamukira makamaka mumzinda wa Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, wina akafika n'kutumizira mnzake ndalama ya ulendo. America idalowa ngakhale m'maina a pachilumbapo: chitsime chimodzi cha m'mudzi chimatchedwa Tobar an Phoncáin, chitsime cha Mwamerika.

Achinyamata atachepa, mabwato adasowa opalasa. Sukulu ya pachilumba idatsekedwa mu 1941. Mu Januwale 1947 mnyamata wina adadwala nyanja itakwiya, ndipo adamwalira popanda dokotala kapena wansembe kufika. Imfa imeneyo idathyola mitima ya otsala. Mtsogoleri wa boma Éamon de Valera adayendera chilumbacho chaka chomwecho, ndipo pa 17 Novembala 1953 boma lidayamba kusamutsa anthu 22 amene adatsalako. Ambiri adapatsidwa nyumba ku Dún Chaoin, moyang'anana ndi mudzi wawo wakale. Sadatuluke m'parishi yawo, koma maina a miyala, mapanga, timagombe ndi malo oponyera maukonde, amene asodzi ankawatchula tsiku ndi tsiku, adasowa ntchito. Dzina la thanthwe limakhala ndi moyo pamene pali munthu amene akufuna kuchenjeza mnzake za thanthwelo.

Parishiyo idatsala pang'ono kutayanso sukulu yake ya kumtunda. Mu 1970 boma lidatseka sukulu ya pulayimale ya Dún Chaoin ponena kuti ana adachepa, ndipo lidafuna kuti azikaphunzira ku Baile an Fheirtéaraigh. Makolo adakana. Adapitiriza kuphunzitsa ana awo mothandizidwa ndi aphunzitsi odzipereka, ena adayenda ulendo wa pansi mpaka ku Dublin kukadandaula, ndipo mu 1973 sukuluyo idatsegulidwanso. Boma lomwe linkalengeza kuti Chiairishi ndicho chilankhulo choyamba cha dziko ndi lomwenso lidafuna kutseka sukulu ya m'mudzi umene chilankhulocho chinkayamwidwa ndi mkaka wa m'mawere.

Nkhondo ya maina nayo sidathe. Mu 2005, potsatira lamulo la zilankhulo la 2003, nduna Éamon Ó Cuív idalamula kuti m'madera olankhula Chiairishi, otchedwa Gaeltacht, maina a Chiairishi okha ndiwo akhale ovomerezeka. Dingle idasanduka An Daingean pa zikwangwani. Anthu ambiri a m'tauniyo adakwiya, ponena kuti alendo okaona malo amadziwa dzina la Dingle ndipo malonda awo ali pa dzinalo. Pa voti ya mu 2006 oposa 90 pa 100 alionse adasankha maina awiri, ndipo mu 2011 lamulo lidavomereza Dingle m'Chingerezi ndi Daingean Uí Chúis m'Chiairishi. Amene adakana dzina la makolo adali zidzukulu za eni dzinalo, ndipo chifukwa chawo chidali chakudya cha ana awo. Kalembera wa 2022 adapeza anthu pafupifupi 1.9 miliyoni onena kuti amatha kulankhula Chiairishi, koma ochilankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu adali pafupifupi 72,000 okha. Ku Dún Chaoin nyumba zambiri lero ndi za anthu obwera patchuthi, ndipo mabanja achinyamata a komweko amavutika kupeza pokhala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Olankhula Chichewa ndi Chinyanja adaonapo zina mwa zimenezi. Mapu a atsamunda adalemba Cholo, Mlanje ndi Kota Kota pamene eni ake ankati Thyolo, Mulanje ndi Nkhotakota. Fort Jameson idabwerera kukhala Chipata, Fort Johnston kukhala Mangochi, Port Herald kukhala Nsanje, pamene Blantyre, dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland, idakhalabe monga idakhalira Dingle, ngakhale dzina la Kabula limamvekabe pakamwa pa anthu. Kutsidya kwa malire, phiri limene anthu amati Domwe limalembedwa Dómuè, ndipo Ulongwe imalembedwa Ulónguè, motsata kalembedwe ka Chipwitikizi. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti Chichewa chili ndi anthu mamiliyoni ochilankhula, ndipo ana akuchiyamwabe. Koma maina a madambo, timitsinje, zulu, madooko ndi misitu ya manda ali pangozi yofanana ndi maina a miyala ya ku Blasket, chifukwa sali pa mapu alionse ndipo amakhala ndi agogo okha. Mwana wokulira ku Lusaka, ku Tete kapena ku Leicester angalankhule Chinyanja chabwino koma osadziwa dzina la dambo limene amayi ake ankatungako madzi.

Pa nkhani imeneyi anthu a ku Ireland adachita chinthu chotheka kutengera. Kuyambira mu 1937 mpaka 1939, ana oposa 50,000 a m'sukulu za pulayimale pafupifupi 5,000 adatumidwa kukafunsa agogo awo ndi anansi okalamba za nthano, maina a minda, zitsime ndi njira zakale, n'kuzilemba m'makope. Ntchitoyo sidafune makina kapena ndalama zambiri, idangofuna aphunzitsi, makope ndi okalamba ofuna kulankhula. Makopewo adasungidwa ku Dublin, ndipo lero ali pa intaneti. Kuyambira mu 2008 maina a malo nawonso ali pa tsamba la logainm.ie, pamodzi ndi kalembedwe kake kakale. Zolembedwazo sizidaletse anthu kuchoka pachilumba, koma mdzukulu wa ku Springfield akafika ku Dún Chaoin amatha kupeza gawo la nthaka limene agogo ake adabadwirako, n'kulitchula ndi dzina lake lenileni. Ndipo m'sukulu imene makolo adakana kuti itsekedwe, ana amaphunzirabe m'Chiairishi.